Kukaphunzira ku Romania: mafunso amene wophunzira wochokera kunja amakhala nawo

Kholo likamaganiza zotumiza mwana kusukulu yakunja, dzina la Romania silibwera msanga m'mutu. Ambiri amayamba atchula Britain, South Africa, India kapena China. Komatu dziko limeneli lidayamba kalekale kuphunzitsa alendo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mu ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu, achinyamata ochuluka a ku Africa ndi ku maiko a Aluya adaphunzira udokotala ndi uinjiniya kumeneko. Lero m'makalasi ake muli ophunzira a ku Moldova, France, Germany, Israel, Morocco, Tunisia ndi Nigeria. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza wophunzira wochokera kunja kwa European Union, poti malamulo a iyeyu ndiwo amakhala othina.

Kodi Romania ili kuti, ndipo mayunivesite ake ali m'mizinda iti?

Ili kummwera chakummawa kwa Ulaya, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, ndipo idachita malire ndi Hungary, Serbia, Bulgaria, Ukraine ndi Moldova. Idalowa mu European Union mu 2007. Likulu lake ndi Bucharest, komwe kuli University of Bucharest, Politehnica ya zauinjiniya ndi Carol Davila ya zaudokotala. Koma maphunziro abwino sali kulikulu kokha. Yunivesite ya Alexandru Ioan Cuza ya ku Iași idatsegulidwa mu 1860, kutatsala zaka zinayi kuti ya ku Bucharest ikhazikitsidwe. Ku Cluj-Napoca kuli Babeș-Bolyai, imodzi mwa zikuluzikulu m'dzikomo, komanso Iuliu Hațieganu ya zaudokotala. Timișoara, Brașov, Craiova, Constanța ndi Târgu Mureș nako kuli masukulu odziwika. Posankha mzinda muyang'anenso thumba lanu, chifukwa lendi ya ku Cluj-Napoca ndi ku Bucharest imawawa kuposa ya m'mizinda ing'onoing'ono.

Ndikamakaphunzira m'Chingerezi, kodi Chiromania ndi chofunikabe?

N'chofunika kwabasi, ndipo amene adzakuuzeni kuti Chingerezi n'chokwanira adzakhala atakuuzani theka la nkhani. Ena amaganiza kuti poti dzikoli lidali la chikomyunizimu ndiye kuti anthu ake amayankhula Chirasha. Si choncho. Chiromania n'chachibale ndi Chitaliyana, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi, ndipo chimalembedwa ndi zilembo zomwe tidazizolowerazi, kungoonjezerapo zisanu: ă, â, î, ș ndi ț. Mnyamata wa ku Tete kapena ku Angónia amene sukulu adaiphunzira m'Chipwitikizi amayamba ali kale patsogolo pa anzake.

N'zoona kuti pali maphunziro ambiri a m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo achinyamata a m'tauni amayankhula Chingerezi bwino. Koma mayi wogulitsa kabichi kumsika, mwini nyumba wachikulire, wokhala pawindo la ofesi ya boma, ambiri mwa amenewa adzakuyankhani m'chinenero chawo. Kwa ophunzira udokotala nkhaniyi ilibe kuzemba: kuyambira chaka chachitatu mumalowa m'mawodi, ndipo wodwala wochokera kumudzi sangakufotokozereni m'Chingerezi pamene pakumupweteka. Amene akufuna kuphunzira digiri yonse m'Chiromania amayamba ndi chaka chathunthu chophunzira chinenerocho, chomwe amachitcha *anul pregătitor*. Ngakhale musakhale m'gulu limenelo, lembetsani kalasi ya chinenero mwezi woyamba womwewo, manyazi asanakule.

Kodi sikolashipu ya boma la Romania imalipira zonse?

Ayi. Unduna woona za ubale ndi maiko ena umapereka sikolashipu chaka ndi chaka kwa anthu a kunja kwa European Union, ndipo mafomu amalembedwa pa intaneti, patsamba la Study in Romania, chakumayambiriro kwa chaka. Wosankhidwa salipira fizi, amathandizidwa pa malo ogona m'hositelo, ndipo amalandira kandalama pamwezi. Kandalamako n'kochepa zedi: kwa zaka zambiri kadali 65 euro kwa a digiri yoyamba, 75 kwa a masitazi ndi 85 kwa a PhD. Tikiti ya ndege ndi yanu. Pali zinthu ziwiri zimene ambiri amazitulukira mochedwa. Choyamba, sikolashipu imeneyi siikhudza udokotala, udokotala wa mano ndi ukatswiri wa zamankhwala. Chachiwiri, a digiri yoyamba ndi a masitazi amaphunzira m'Chiromania basi. Wofuna udokotala wa m'Chingerezi adziwiretu kuti adzadzilipirira yekha, ndipo fizi yake ndi ma euro masauzande angapo pachaka, kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndi mapepala ati amene amafunika ndisananyamuke?

Zonse zimayambira pa kalata yokuvomerezani kukaphunzira, imene imachokera ku unduna wa zamaphunziro wa Romania kudzera ku yunivesite yomwe mwafunsirako malo. Kuti ituluke mumatumiza satifiketi ya kusekondale kapena digiri, mndandanda wa magiredi, chikalata chakubadwa, kalata ya dokotala ndi fotokope ya pasipoti. Masatifiketi amafuna chidindo chotsimikiza kuti ndi enieni. Malawi ndi South Africa adalowa m'pangano la ku Hague la 1961, choncho kwa iwo chidindo cha apostille chimakwanira. Maiko amene sali m'panganolo amadutsa njira yotalikirapo, ya ku maunduna ndi ku ofesi ya kazembe. Kalata ija ikafika mumafunsira visa ya maphunziro ya mtundu wa D/SD, ndipo amafuna risiti ya fizi ya chaka chimodzi, umboni wa ndalama zodzisamalira, inshuwalansi ya zaumoyo ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa Romania. Zapafupi zili ku Harare ndi ku Pretoria, ndiye ulendo umenewo muuwerengeretu pa bajeti.

Nanga madobadoba amene amati “tipatseni ndalama, malo tikupezerani”? Mayunivesite a ku Romania amalandira mafomu kuchokera kwa wophunzira mwini wake, ndipo fizi imapita ku akaunti ya yunivesite. Munthu akakupatsani akaunti ya dzina lake kuti muikemo fizi, tsanzikani.

Ndafika. Ndiyambe ndi chiyani?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, choncho mumvetsetse. Visa ija imakulolani kukhala masiku 90 okha. Chimene chimakusungani m'dzikomo ndi chitupa chokhalira, *permis de ședere*, chomwe chimaperekedwa ndi ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, Inspectoratul General pentru Imigrări, kapena IGI mwachidule. Lamulo limati mufunsire chitupachi kusanatsale masiku ochepera 30 kuti visa ithe. Kunena kwina, masiku amene muli nawodi ndi 60, ndipo mwezi wa Okutobala ndi wa Novembala maofesi amenewa amadzaza ndi ophunzira anzanu ofuna zomwezo.

Dongosolo lake n'losavuta mukalitsata. Pitani kaye ku ofesi ya alembi ya fakote yanu, *secretariat*, ndi mapepala anu enieni, osati mafotokope, mukalembetse. Kumeneko mutenge kalata yotsimikiza kuti ndinu wophunzira, yotchedwa *adeverință*. Pezani umboni wa pokhala, kalata ya dokotala ndi umboni wa ndalama, kenako mulembetse patsamba la IGI kuti akupatseni tsiku. Pachitupacho pamalembedwa nambala yanu ya manambala 13, ya CNP, imene adzakufunsani kubanki, kwa dokotala ndi kuntchito. Chikamatha mumachionjezeranso kutatsala masiku osachepera 30 omwewo, ndipo mukasamuka nyumba muyenera kuwadziwitsa a IGI. Wochedwa amalipira chindapusa, ndipo wolekerera kwambiri angathe kulamulidwa kutuluka m'dzikomo. Sabata zoyamba zimakoma, anzanu atsopano amakuitanirani uku ndi uko, koma mapwando asatsogole mapepala.

Ndikakhale kuhositelo kapena ndikachite lendi?

Chaka choyamba, ngati malo alipo, hositelo ndiyo yabwino. Amaitcha *cămin*. N'njotchipa, kalata ya umboni wa pokhala imatuluka mosavuta, ndipo Chiromania mumachiphunzirira kukhitchini. Koma musayembekezere chipinda chanokha: mumagona awiri, atatu, pena mpaka asanu. Ku Bucharest mudzamva za Regie ndi Grozăvești, ku Cluj-Napoca za Hașdeu, ku Iași za Tudor Vladimirescu.

Wosankha lendi amasaka pa OLX, Storia kapena Imobiliare.ro. Musatumize dipoziti nyumba musanaione ndi maso. Landilodi akupatseni kontirakiti yolembedwa ndipo akailembetse ku ANAF, bungwe lotolera misonkho. Ena amazemba poopa msonkho, koma popanda pepala lovomerezeka inu ndi amene mudzavutike ku IGI. Funsaninso za *întreținere*, ndalama ya pamwezi ya madzi, zinyalala, ndipo m'nyumba zambiri ndi yotenthetsera m'nyumba momwe. Siikhala mkati mwa lendi, ndipo m'nyengo yozizira imalumpha. Ku Bucharest muyang'anenso pakhoma pafupi ndi khomo lolowera. Chizindikiro chofiira chozungulira, *bulină roșie*, chimasonyeza nyumba imene ingagwe kukachita chivomerezi champhamvu. Si zoopsezana chabe: chivomerezi cha pa 4 Malichi 1977 chidapha anthu oposa 1,500, ambiri mwa iwo mumzinda womwewu.

Kodi ndalama yake ndi euro?

Ayi, ndi leu, zikachuluka amati lei, ndipo euro imodzi imasinthidwa ndi pafupifupi 5 lei. Fizi ndi lendi nthawi zambiri amazitchula mu euro, koma m'sitolo mumalipira lei, ndipo khadi la kubanki limagwira ntchito pafupifupi paliponse. Mabanki odziwika ndi Banca Transilvania, BCR, BRD ndi ING. Pabwalo la ndege musinthe zochepa chabe, mtengo wabwino uli m'tauni. Amene ndalama zawo zimachokera ku Malawi akudziwa kale kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, ndiponso momwe kwacha idagwera ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Makolo ayambe kufunsira ndalama ya fizi kudakali miyezi, poti yunivesite imayang'ana tsiku lomaliza kulipira, za kubanki ya kwanu sizimaikhudza.

Nanga foni, magetsi ndi mayendedwe?

Izi n'zosavuta. Simu kadi ya Orange, Vodafone kapena Digi mumaipeza tsiku lomwelo, ndipo intaneti ya ku Romania ndi yothamanga komanso yotchipa. Masoketi ndi a mabowo awiri ozungulira, ndiye tengani adaputa ya pulagi yanu ya mano atatu. Ku Bucharest kuli sitima yapansi panthaka, mabasi ndi ma tram, ndipo kuchokera pabwalo la ndege la Henri Coandă pali sitima yofika ku Gara de Nord. Ophunzira amachotseredwa mtengo wa mayendedwe akaonetsa chitupa cha sukulu, koma malamulo ake asinthidwa kangapo posachedwapa, choncho funsani ku *secretariat*. Galimoto zimayenda kudzanja lamanja: pooloka msewu yambani mwayang'ana kumanzere.

Kuzizira kwake n'kopiririka?

N'kopiririka mukavala bwino. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira mpaka madzi kuundana, chipale chofewa chimagwa, ndipo kummawa kwa dzikoli kumaomba mphepo yobaya yotchedwa *crivăț*. Juzi ya kwathu ya mwezi wa Juni siingathandize. Musalemetse chikwama ndi zovala. Jekete lochindikala, nsapato zosalowa madzi, magolovesi ndi chipewa mukagule konko, ndipo masitolo a kaunjika ali m'tauni iliyonse. Chimene chimafooketsa ambiri kuposa chisanu ndi mdima, poti mu Disembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Munthu amangodzitsekera m'chipinda, kulakalaka kumudzi kumakula, tulo timasokonekera. Tulukani masana, pezani gulu, kaya ndi la mpira, la kutchalitchi kapena la Erasmus Student Network lomwe lili m'mizinda ikuluikulu ya mayunivesite. Kuimba foni kumudzi sikuvuta: m'nyengo yozizira nthawi ya ku Romania imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala iwo amatsogola ndi ola limodzi. Chilimwe chawonso si chamasewera, ku Bucharest kumatentha kupitirira madigiri 35.

Nsima ndikaipeza?

Mudzadabwa. Aromania amadya *mămăligă*, yophikidwa ndi ufa wachimanga wachikasu wotchedwa *mălai*, umene umapezeka m'sitolo iliyonse. Ndi wamiseremisere kuposa ufa woyera, koma nsima yake imagwira m'mimba. Iwo amadyera tchizi ndi mkaka wowawasa, inu palibe angakuletseni kudyera nyemba ndi kabichi. Lawaninso *sarmale*, nyama yogaya yokulunga m'masamba a kabichi, ndi msuzi wowawasa wa *ciorbă*. Nyama ya nkhumba ili m'zakudya zambiri, ndiye Asilamu ndi a Seventh Day azifunsa asanadye. Chakudya cholembedwa kuti *de post* chimakhala chopanda nyama, mkaka ndi mazira, chifukwa n'cha nthawi yosala ya mpingo wa Orthodox. Kudziphikira ndiko kumapulumutsa ndalama: gulani ku Lidl, Kaufland kapena kumsika ngati wa Obor ku Bucharest. Mabotolo a zakumwa musataye, lililonse mukalibweza kusitolo limabweza theka la leu.

Maphunziro amayenda bwanji?

Chaka chimayamba cha pa 1 Okutobala, ndipo chili ndi masemesita awiri a masabata 14. Mayeso amalembedwa m'nyengo yotchedwa *sesiune*, mu Januwale ndi Febuluwale, kenako mu Juni. Magiredi amayambira pa 1 kufika pa 10, ndipo wopeza 5 wakhoza. Phunziro limene mwalephera limatchedwa *restanță*, sapu ya kumeneko, ndipo mumalilembanso panyengo yake. Masapu akaunjikana, makirediti osakwana, mumabwereza chaka kapena kuchotsedwa sukulu. Digiri yoyamba imatenga zaka 3 m'maphunziro ambiri, 4 kwa mainjiniya ndi a zamalamulo, 6 kwa madokotala.

Pali zina zimene sizilembedwa m'kabuku kolandirira alendo. Kujomba kusemina ndi kulabu kungakulepheretseni kulowa m'mayeso, ngakhale mutakhala wanzeru chotani. Mayeso ena ndi apakamwa, mphunzitsi ali pamaso panu. Gulu lililonse lili ndi mtsogoleri wake, *șef de grupă*, ndipo kusintha kwa nthawi kapena chipinda kumalengezedwa pa WhatsApp ya gululo, nthawi zina m'Chiromania chokha, ndiye lowanimo tsiku loyamba. Ofesi ya *secretariat* imalandira ophunzira maola ochepa patsiku. Mphunzitsi satchulidwa dzina lake loyamba: wamwamuna mumati *domnule profesor*, wamkazi *doamna profesoară*. Kwa ife amene tidakula tikuti “inu” kwa akulu, ulemu umenewu subvuta kuuzolowera.

Ndikadwala ndipite kuti?

Zikavuta mwadzidzidzi imbani 112. Ambulansi zofiira zolembedwa SMURD zimene mudzazione m'misewu zili ndi mbiri yokhudza inu: adaziyambitsa ku Târgu Mureș kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi Raed Arafat, Mpalestina amene adafika m'dzikomo mu 1981 ngati wophunzira wochokera kunja. Pa matenda wamba khomo lolowera ndi dokotala wa banja, *medic de familie*, yemwe amakulemberani kalata yopitira kwa katswiri. Wophunzira wosakwana zaka 26 amene salandira malipiro amalowa mu inshuwalansi ya boma osasonkha, koma ayenera kupereka kalata ya kusukulu kuti alembedwe. Wopitirira zaka zimenezi amadzilipirira. Mankhwala ngati maantibayotiki sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, anyamule okwanira miyezi yoyamba pamodzi ndi kalata ya dokotala wawo. Ndipo mukatentha thupi m'masabata oyamba, kapena mutangobwera kuchokera kutchuthi kumudzi, nenani msanga kuti mwachokera kudera la malungo. Ku Romania malungo adatha kalekale, ndipo dokotala angaganize kuti ndi chimfine chabe.

Kodi ndingathe kugwira ganyu n'kumadzilipirira fizi?

Ganyu mungagwire, koma fizi musaidalire pamenepo. Wokhala ndi chitupa cha maphunziro amaloledwa kugwira ntchito popanda chilolezo china chapadera, bola ikhale ya maola ochepa patsiku monga momwe lamulo lidaikira, ndiponso ya kontirakiti. Odziwa bwino Chingerezi kapena Chifalansa amapeza ntchito m'makampani oyankha makasitomala pafoni ku Bucharest, Cluj-Napoca, Iași ndi Timișoara. Ena amaperekera chakudya m'makomo panjinga. Malipiro ake angakwanire chakudya ndi gawo la lendi. Ntchito yopanda mapepala, imene iwo amati *la negru*, ikaneni: abwana akakubera mulibe kodandaula, ndipo mukagwidwa chitupa chanu chili pachiswe.

Munthu wakuda amalandiridwa bwanji?

Tisanamizane, tsankho liliko. M'mizinda ya mayunivesite anthu adazolowera alendo, makamaka pano pamene antchito ambiri a ku Nepal, Sri Lanka ndi maiko ena a ku Asia adadzaza m'mizindamo. M'matauni ang'onoang'ono ndi kumidzi adzakuyang'anitsitsani, ndipo kambiri chimakhala chidwi chabe. Koma aliponso eni nyumba amene amasintha mawu akangoona nkhope yanu, ndi ena olankhula zachipongwe m'basi. Zikafika pokukanizani ntchito, nyumba kapena thandizo chifukwa cha khungu, kadandauleni ku ofesi ya ophunzira akunja ya payunivesite, kapena ku CNCD, bungwe la boma lolimbana ndi tsankho. Kumbali inayo, Mromania akakuitanani kwawo amakudyetsani mpaka mutapepesa. Vulani nsapato pakhomo, ndipo mukatenga maluwa akhale atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, chifukwa awiri kapena anayi ndi opita nawo kumaliro. Anthu ambiri ndi a mpingo wa Orthodox, koma Akatolika, a Baptist, a Pentekoste ndi a Seventh Day ali ndi matchalitchi m'mizinda yonse ikuluikulu, ndipo ku Constanța kuli Asilamu okhazikika kuyambira kale.

Poti Romania ili mu Schengen, kodi ndingasamukire ku Germany kapena ku France ndi chitupa chomwechi?

Kukacheza inde, kukakhala ayi. Romania idalowa mu Schengen pa maulendo a pandege ndi panyanja pa 31 Malichi 2024, ndipo pa malire a pamtunda pa 1 Januwale 2025. Ndi chitupa chanu chokhalira pamodzi ndi pasipoti mungayende m'maiko ena a Schengen masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, koma simungagwireko ntchito kapena kukhazikikako. Britain ndi Ireland sali mu Schengen, amafuna visa yawoyawo. Alipo amene amalembetsa sukulu ku Romania n'cholinga chongodutsirapo. Mapeto ake amadziwika: yunivesite ikakuchotsani imadziwitsa a IGI, chitupa chimafafanizidwa, ndipo munthu amasanduka wobisala ku Ulaya konse, fizi ya makolo itapita. Womaliza maphunziro bwinobwino ndiye ali ndi njira yoongoka, poti angathe kupempha miyezi 9 yoonjezera kuti asake ntchito kapena ayambe bizinesi ku Romania.

Digiri ya ku Romania idzavomerezedwa kwathu?

Idzavomerezedwa ngati yunivesite ndi maphunziro amene mwasankhawo ali ovomerezeka ku Romania komweko, komwe bungwe la ARACIS ndilo limaunika zimenezi. Kwathu pepalalo limaunikidwanso: ku Malawi ndi National Council for Higher Education, ku Zambia ndi ZAQA, ku South Africa ndi SAQA. Dokotala ayeneranso kulembetsa ku bungwe la madokotala, monga Medical Council of Malawi, ndi kukwaniritsa zimene bungwelo lingafune asanakhudze wodwala. Dziwaninso kuti satifiketi yeniyeni ya digiri siituluka tsiku lomaliza mayeso. Ingatenge mpaka chaka, ndipo podikira amakupatsani kalata yongotsimikiza kuti mwamaliza. Konzani za amene adzakutengereni ngati mudzakhale mutabwerera kumudzi, ndipo onetsetsani kuti satifiketiyo ndi pepala la magiredi lotsagana nayo zadindidwa chidindo chovomerezeka kunja zisanatuluke m'dzikomo. Koma funso lakuti “kodi adzaivomereza?” mukalifunse ku mabungwe a kwanuwo musanalipire fizi ya chaka choyamba.